Penti wa Pamsana pa Ndege

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene maso a atate anayamba kuchita chifunga. Tinkakhala m'komboni ya Kalingalinga, m'nyumba ya zipinda ziwiri, pafupi ndi bwalo la ndege za asilikali, moti ndege ikamanyamuka malata athu ankanjenjemera. Atate anagwira ntchito pabwalo limenelo zaka zambiri, osati ngati msilikali, koma wotsuka ndi kupenta ndege. Matenda a shuga ndiwo anawakhazika pakhomo. Tsiku lina amayi atabwera nawo kuchokera kuchipatala, anandikokera kuseri kwa nyumba n'kundiuza mosabisa kuti madokotala alephera, masowo akupita ndipo sadzabwerera.

Ine Tisa ndinali mwana wosakhazikika, wamtima wapachala. Atsikana anzanga akamasewera chiyato ndi timiyala, ine ndinkakhala kwa anyamata kupinda mawaya a magalimoto. Nditamva za maso aja, mutu wanga unagwira chinthu chimodzi chokha: ndiwapangire atate ndege yonga zimene ankapenta, aione maso asanatseke. Kuyambira pomwepo mtima unali m'mwamba. Kusukulu ndinkangoyang'ana pawindo, chakudya ndinkadya choimirira.

Thunthu la ndegeyo ndinasema thabwa la bokosi la tomato, mapiko ndinadula chitini cha mafuta ophikira. Penti ndinakapempha kwa owotcherera mageti m'mbali mwa msewu waukulu, amene ankandilola kukokota zotsalira m'zitini zawo. Za mtundu wake sindinafunse munthu. Ndifunsirenji? Ndege ndinkaziona tsiku ndi tsiku zikudutsa pamutu panga, zotuwa mopita kubuluu. Ndinaipaka yonse chomwecho, kuyambira mphuno mpaka mchira, n'kuthamangira nayo kwa atate penti asanaume n'komwe.

Anali pampando wawo wa pakhomo. Anaibweretsa pafupi ndi nkhope, n'kuitembenuzira kumene kunali dzuwa, kenaka anaseka mpaka kutsokomola.

"Iwe Tisa, ndeke yako ni mimba yekayeka! Nanga msana uli kuti?"

"Batate, ni mwamene zimaonekela!" ndinayankha, misozi ili pafupi.

"Kuli imwe ba pansi, ee. Komboni yonse ino iziba chabe mimba ya ndeke. Ine ninaimililapo pamwamba."

Anandifotokozera kuti kunsi kwa ndege yankhondo amapakako mtundu wa thambo kuti munthu wa pansi asaione msanga, koma pamsana amapakapo mawanga obiriwira ndi ofiirira kuti mdani wouluka pamwamba pake aziona ngati tchire. Ndinachita manyazi, koma osati ndekha. Ndege zonse zimene anyamata a m'komboni mwathu ankapanga zinali zotuwa mbali zonse, ndipo panalibe amene ankadziwa kuti tikupenta theka la ndege.

Ndinaganiza kuti nkhani yatha, ndingopeza wobiriwira ndi wofiirira basi. Kalanga ine! Wofiirira sanavute. Ndinasakaniza penti wofiira wa mafelemu a mawindo ndi wakuda pang'ono, atate n'kuvomera. Koma wobiriwira uja anandionetsa zakuda. Atate anandiletsa kukhudzanso ndegeyo. Anati ndizisakanizira m'chivundikiro cha botolo, ndipake pakachidutswa ka lata, ndidikire kaume, ndiye ndiwabweretsere. Penti wonyowa amanama, ankatero, mtundu wake weniweni umaoneka akauma.

Kudikira penti wa geti kuti aume! Ndinkakaika kachidutswa ka latako padenga la chimbudzi, kukauzira mpweya, kukapepeza ndi katoni, kukakhudza ndi chala mpaka kusiyapo chidindo. Kakauma ndinkathamanga nako. Atate ankakabweretsa pamphuno penipeni, n'kutembenukira kudzuwa, diso limodzi atatsinzina. Kenaka mawu aja amene ndinafika podana nawo:

"Awe. Ikalibe."

Ndiko kuti mtunduwo sunafike. Tsiku lina ankati ukuwala ngati geti ya munthu wolemera, pamene ndege yankhondo siyenera kunyezimira, ndiye ndisefe phulusa la mbaula pakansalu ndithiremo. Tsiku lina ankati wada kwambiri, chifukwa kanthu kakang'ono kamaoneka kakuda kuposa chinthu chachikulu cha mtundu womwewo, ndiye ndidonthezeremo woyera. Ndikadontheza, ankati wayereratu. Ankafuna kubiriwira kwa tsamba lakale la mango limene lagwira fumbi la mu Okutobala. Ndinathyola masamba a mango a anthu mpaka agalu a mumzere wathu anandidziwa.

Apo n'kuti maso akupitabe. Ndinkaona ndekha. Anayamba kupapasa khoma popita kuchimbudzi. Kapu ya tiyi ankaifufuza ndi dzanja patebulo. Ndege yanga inangokhala pawindo, msana udakali wotuwa. Madzulo ena atanenanso kuti ikalibe, ndinaponya bulashi pansi.

"Batate, ni green chabe! Muvomele, nipente, muione!"

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero amayi ali pambaula.

Nkhono ine ndinalibe nayo ntchito. Ndinkafuna kukuwa kuti nthawi yodekhayo ndiye tilibe, koma mawu amenewo sakanatheka kunenedwa pamaso pa atate. Iwo sanakalipe. Anangoti nditole bulashi ndiitsuke ndi palafini isanalimbe.

Loweruka lina masana ndinasakanizanso, mosasamala kwenikweni, chifukwa ndinali nditatopa. Anyamata ankandiitana kumpira. Kachidutswa ka lata kaja katauma ndinakatsitsa padenga, n'kukaponya m'manja mwa atate ndili chiimire, mwendo umodzi uli kale panjira. Pamenepo ndinaona kuti chifukwa cha phuma ndawapatsa chotembenuza. Mbali ya penti inayang'ana kwa ine, iwo anayang'anizana ndi lata lopanda kanthu, la dzimbiri. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti atembenuze, koma anayamba ndi iwo.

"Eyaa," anatero pang'onopang'ono. "Ni yamene iyi, mwana wanga. Wapeza."

Sanatembenukire kudzuwa. Sanatsinzine diso. Anangokagwira kalatako patsogolo pa nkhope, akumwetulira dzimbiri.

Ndinayang'ana amayi amene anaima pakhomo ndi beseni la zochapa. Nawonso anaona. Anandipukusira mutu pang'ono, kundiuza ndi maso kuti nditseke pakamwa. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinakhala pansi popanda wondiuza, pafumbi, pafupi ndi mapazi a atate. Anyamata anaitana mpaka anatopa.

Ndinapenta ndegeyo madzulo omwewo ndi penti yemweyo, atate akundiuza pamene mawanga ayenera kudutsa, kuchokera paphiko lamanzere kukwera pamsana. Dzanja langa silinathamange. Itauma m'mawa mwake ndinawapatsa. Anaiyendetsa zala kuyambira mphuno mpaka mchira, n'kupeza pamene phulusa linasiya timiyala, ndipo anandiseka kuti sindinasefe bwino. Kenaka anati ndi ndege yokongola kuposa zonse zimene anapentapo. Ndinati zikomo, mawu akunjenjemera, iwo n'kukhala ngati sanamve kunjenjemerako.

Atate anakhala zaka zina zingapo mumdimawo asanatisiye. Nkhani ya kachidutswa ka lata kotembenuza kaja sitinaikambepo, ngakhale ndi amayi. Mpaka lero sindidziwa ngati wobiriwira uja anali wolondola, ndipo sindinafune kukafufuza.

Chimene ndikudziwa tsopano, pamene nanenso ndili ndi ana ondibweretsera ntchito zawo kuti ndizione, ndi ichi. Masabata onse aja ndinkayesa kuti atate akundichedwetsa, kuti kukana kwawo kukudya nthawi yochepa imene tinatsala nayo. Sindinazindikire kuti kukanako ndiko kunali kuona kumene ndinkakufuna. Munthu amene akuti wada, wawala, wayereratu, ndiye kuti akuyang'anadi chimene wapanga. Ntchito yanga anaiona tsiku lililonse limene anaikana, ndipo ine ndinkangolakalaka asiye. Tsiku limene anavomera ndi tsiku limene analibenso choonera, ndipo anasankha kundimasula m'malo mondiuza. Ndikanadziwa, bwenzi ndikusakaniza penti uja molakwitsa dala, kuti ndiwamve akundikana kamodzinso.