Supuni Imodzi ya Mafuta a Dilo

Pachilumba chathu aliyense woyenga mafuta a dilo anaphunzira kwa mayi Vasemaca, ndipo palibe amene sanakalipiridwepo. Ine ndinalawa lilime lawo nditangokwatiwa kumene. Ndinatola zipatso za mtengo wa dilo kugombe, n'kuswa, n'kuyamba kufinya njere zikadali zoyera. Anandifunsa ngati kwathu timakama ng'ombe isanabereke.

Njere za dilo ndi zamakani. Zaziwisi sizitulutsa kanthu. Uziyanike pathandala, uzitembenuze m'mawa uliwonse, uzithawitse mvula, mpaka zide bii n'kuyamba kunanda m'manja. Pamenepo m'pamene zimapereka mafuta obiriwira aja opoletsa zilonda ndi nyamakazi. Ukaziumitsa pamoto, mphamvu imathawa. Mayiwo ankati kuona maso a nkhono n'kudekha, ngakhale kuti pa zina zonse anali munthu wa phuma, wosadikira n'komwe kuti chinangwa chipse bwino.

Chaka chimene namondwe anasesa thandala ndi mabotolo a mudzi wonse, amuna a mayi Vasemaca, a Sairusi, anadwala mwakayakaya. Mankhwala akuchipatala ankamwa, koma miyendo inkawaphwanya, ndipo ankapeza tulo pokhapokha akawasisita ndi dilo. Mafuta kunalibe. Njere zatsopano zinali zitangoyamba kufiira.

"Amayi, ine ndi njere zanuzo tikupikisana," anatero a Sairusi ali pamkeka. "Ndikuona ngati woyamba kuuma ndikhala ine."

"Khalani chete inu. Mutu unauma kalekale."

M'mawa mwake ndinapeza mayiwo akukokolola thandala lonse. Ndinawakumbutsa kuti njerezo zinali zisanakhwime, ndi kuti zikafinyidwa sizibwereranso padzuwa.

"Ndikudziwa. Gwira nsaluyo uko."

Tinasinja, tinapotokola nsalu mpaka zikhatho zinatupa. Dengu lomwe likanadzaza mabotolo a chaka chonse linatipatsa supuni imodzi. Ndinamva chisoni kwambiri, koma iwo sanayang'anenso n'komwe zotsalirazo. Anakagwada pamkeka n'kuyamba kusisita kuchokera kumaondo. A Sairusi anagona masana onsewo, mpaka mkonono. Lamulungu lisanafike anatisiya.

Mayi Vasemaca akuyanikabe njere, ndipo lilime silinakalambe. Mwezi watha anapeza Litiana, mkazi wa mwana wanga, akufinya njere zoyera kuseri kwa nyumba. Ndinadikira za ng'ombe zija, koma iwo anangomufunsa kuti:

"Pali amene akufa kwanu?"

Litiana anapukusa mutu.

"Ndiye bwezera pathandala."