Tsiku Limene Apongozi Anadzutsa Maso

Mlandu umenewu unagwera pa tebulo langa chifukwa anzanga ku ofesi ya maloya a boma ankati ine kwathu ndi ku Ntchisi, ndiye za kumapiriko ndimazidziwa. Zoona zake n'zakuti aliyense ankauthawa. Mayi wina wa ana awiri anapezeka ataphedwa m'chigafa cha fodya kumudzi wina wa ku Dowa, ndipo woimbidwa mlandu anali mwamuna wake yemwe. Mwamunayo sanali munthu wamba. Lole yake ndiyo inkanyamula maliro a dera lonselo, komanso odwala opita ku chipatala cha Mtengowanthenga nthawi ya dzinja, magalimoto ena atatitimira m'matope. Anthu ambiri anaikapo abale awo mothandizidwa ndi iyeyo.

Khoti lalikulu litadzakhala pa Boma, anthu anadzaza mpaka kumsewu. Ena ankakuwa kuti munthuyo akaferetu kundende, ena ankati boma likumuchitira nsanje. Wailesi inkaulutsa nkhaniyo m'mawa ndi madzulo, ndipo chithunzi changa chinayenda m'mafoni mpaka chinafika kwa azakhali anga amene foni yawo imagwira pokhapokha akakwera pachulu. Aliyense anasanduka loya. Wa kabaza wina anandiphunzitsa malamulo kuchokera pa depoti mpaka pa geti la khoti, kenaka n'kundifunsa ngati ndikumudziwa mayi wouma mtima uja akuzenga mlanduwo. Ndinamuyankha kuti ndimangomumva.

Umboni wa dokotala unalipo, zovala zamagazi zinaliponso, koma munthu amene anaona mwamunayo akutuluka m'chigafa anali mmodzi yekha: mayi ake a malemuyo. Banjali linali la chikamwini, nyumba zawo zinayang'anana pabwalo limodzi. Apa m'pamene panagona vuto langa. Kwathu kuno mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana kumaso. Akakumana panjira wina amapatuka, akafuna kulankhulana wina amakhala kuseri kwa nkhokwe kapena amayang'ana kumbali. Ine ndinakulira momwemo. Amayi anga ankalowa m'chimanga ndowa ili pamutu akangoona mwamuna wa mkulu wanga akubwera, ndipo ana tinkaseka mpaka misozi.

Mlandu usanayambe ndinapita kukawaona mayiwo. Ndinawapeza pakhonde akutong'ola chimanga, ndipo sanasiye ntchito yawo pamene ndinkalankhula.

"Amayi," ndinatero, "m'khoti ndidzakufunsani ngati munthu amene munamuona ali m'chipindamo. Mudzayenera kumuyang'ana, n'kumuloza."

"Apongozi anga?" anafunsa. "Ndiwaloze pagulu? Ine ndinaleredwa, mayi. Zolankhula ndikalankhula, koma zinazo musandichititse."

Mtima unandinyamuka. Ndinatsala pang'ono kuwafunsa kuti ulemu umenewu akuusungira ndani, mwana wawo ali m'manda. Ndinadzigwira chifukwa nanenso ndinaleredwa, koma ndinabwerera ku Lilongwe nditakwiya. Ndinkadziwa kuti mayiwa akalephera kumuzindikira pamaso pa woweruza, munthuyo akhoza kutuluka, n'kubwerera pabwalo lomwe lija kukakhala moyang'anana nawo.

Tsiku lawo litafika, anapereka umboni atatembenukira kukhoma, msana uli kwa woimbidwa mlandu. Anafotokoza bwino ndithu, mawu awo osanjenjemera. Kenaka anaimirira loya wa mbali inayo. Anali bambo wofatsa, wa chigawo chapakati ngati ine, ndipo mwambowo ankaudziwa bwino lomwe.

"Amayi, inu ndinu munthu wosunga mwambo, si choncho?"

"Eya."

"Mukakumana ndi apongozi anu panjira mumatani?"

"Ndimapatuka."

"Nanga polankhula nawo mumayang'ana kuti?"

"Kumbali."

"Ndiye tiuzeni. Zaka zonsezi, nkhope yawo munayamba mwaiyang'anapo?"

Anthu amene anali atakanirira m'mawindo anasiya kukankhana. Ine ndinawerama ngati ndikuwerenga, koma sindinkaona chilembo ngakhale chimodzi. Ndinachita mantha. Ndinkaganiza za khamu lili panja, za wailesi ya madzulo, ndipo ndikuvomera kuti za malemuyo ndinaziganiza pomalizira.

"Kamodzi," mayiwo anayankha.

Loya uja anakhala ngati akufuna kupitirira ku funso lina, koma woweruza anakweza dzanja. "Kamodziko linali liti, amayi?"

"Tsiku lomwelo, bwana. Ndinali kumunda wa kuseri kwa nyumba. Ndinamva mwana wanga akukuwa, ndinathamanga. Pakhomo pa chigafa tinakumana, iwo akutuluka. Mwambo ndinauiwala. Ndinawayang'ana m'maso, iwonso anandiyang'ana, ndipo amene anayamba kugwetsa nkhope ndi iwowo."

Loyayo anafunsa chifukwa chake zimenezi sanauze apolisi. Mayiwo anati apolisiwo anali anyamata, ndipo iwo anachita manyazi kuulula kwa ana kuti anayang'ana apongozi awo kumaso. Wina kumbuyo anayamba kuseka, koma analekera panjira ataona kuti akuseka yekha.

Nthawi yanga yofunsanso itakwana, ndinaimirira. Ndinali nditawamva kale akukana, ndipo ndinkadziwa kuti chimene ndikupempha n'cholemera. Ndinafunsabe ngati munthu amene anamuyang'ana tsiku lija ali m'chipinda muno. Anayamba amasula chitenje chawo n'kuchimanganso bwino, monga amachitira mayi akafuna kusenza katundu. Kenaka anatembenuka pang'onopang'ono, nadzutsa maso. Anamuyang'ana nthawi yaitali ndithu. Sanaloze ndi chala. Anatambasula dzanja lonse, chikhato chili m'mwamba, mmene timasonyezera munthu wamkulu.

"Ndi awa," anatero.

Chigamulo chinabwera patapita miyezi, fodya wa chaka chimenecho atapita kale ku okushoni. Khoti linamupeza wolakwa. Panja panali nthungululu mbali ina, kulira mbali ina, ndipo ena amene ankanditukwana m'mafoni anayamba kundiyamika ngati tinamwera chikho chimodzi. Atolankhani ankafuna ndinene kuti ndapambana. Mawu amenewo anandikanika, chifukwa chimene chinagwira mlanduwo sindinachikonze ine.

Kuyambira nthawi imeneyo ndikakumbukira amayi anga akulowa m'chimanga ndi ndowa yawo, kuseka kumandivuta. Mwambowo sindiunyoza. Unkasunga mtendere pabwalo pamene anthu osabadwa pamodzi ankatunga pachitsime chimodzi, ndipo mabanja ambiri akhalira womwewo. Koma ndimaganizanso za zinthu zimene munthu sangazione ngati moyo wake wonse akuyang'ana kumbali.

Maganizo amenewa sanayambe ndi ine. Tsiku la chigamulolo ndinawapeza mayi aja kuseri kwa khoti, atakhala pansi pa mtengo, akudikira kuti khamu lichepe kuti akakwere matola. Ndinagwada pambali pawo n'kuwathokoza. Ndinawauza kuti analimba mtima, ndipo kuti mwana wawo wapeza chilungamo chifukwa cha iwo. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, akusisita mpango umene unali m'manja mwawo.

"Mayi," anatero, "zaka zonse zija ndinkawapatukira kuti mwana wanga akhale pabanja mwaulemu. Tsiku lija nditawayang'anitsitsa m'khoti muja, ndinaona kuti nkhope yawo sibisa kanthu. Ndikanawayang'ana kale, mwina ndikanaona."

Ndinangokhala nawo pansi pomwepo, suti yanga ili m'fumbi, mpaka galimoto yawo inafika.