Tsiku Limene a Chipeso Anadzimeta

Bambo ometa apakona ankameta aliyense, koma tsitsi lawo silinkakhudzidwa. Linali lalitali, lopesedwa ngati ambulera, moti anzawo okwera njinga ankawatcha a Chipeso. Njinga yawo inali ya maulendo aatali, yolemera, yokhala ndi kaliyala kumbuyo ndi kutsogolo. Zopepuka za anzawozo ankati ndi zokagulira mchere.

Gulu lawo la njinga litakonza ulendo wautali, wapampando analamula kuti wopanda helemeti atsale. A Chipeso anayesa onse a m'sitolo, koma aliyense ankangokhala pamwamba pa tsitsi, lamba osafika kuchibwano.

"Achimwene, musankhe," anatero wapampando. "Msewu kapena chisa chanucho."

M'mawa wa ulendowo a Chipeso anakhala pampando wa makasitomala awo, nayang'ana pagalasi, n'kuyatsa makina ometera. Akazi awo anasesa tsitsilo akuseka.

"Bambo, mutuwu uli ndi makona. Valanidi chipewacho."

Helemeti anakwana bwino lomwe. Pachitunda choyamba a Chipeso anawapitirira anzawo onse, katundu ali mbali zonse, mphepo ikuwazizira m'makutu. Pomudutsa wapampando, a Chipeso anangoliza belu.