Nyimbo ya anaBanda m'Kabokosi

Ndikawakumbukira a Phiri, amene khomo lawo linayang'anizana ndi lathu ku Mkaika, mphuno zanga zimadzaza fungo la mankhwala opopera thonje, limene silinkachoka pa malaya awo ngakhale Lamulungu kutchalitchi. Anabwerako ku migodi ndi chifuwa chosatha, mkazi wodwala, ndi kakiyibodi koimbira nyimbo ka mabatire kotalika ngati mkono wangawu. Mkaziyo, anaBanda, sanathe chaka.

Tsono dzuwa likapendeka, amayi akupeta chimanga, mbuzi zikulirira kukhola, a Phiri ankakhala pakhonde, kudina batani limodzi, n'kupinda manja. Kanthuko kankayamba kokha, timing'oma tothetheka ngati nsawa pa chiwaya ndi kanyimbo kopyapyala ngati ka udzudzu, popanda chala chokhudzapo. Anthu ankati anaBanda ali m'menemo. Amayi anatiletsa kudutsa pakhomopo, koma ine ndinkabisala kuseri kwa nkhokwe, kumvetsera mpaka nyimboyo ithe.

Sukulu sindinapite nayo patali, koma nzeru zoononga ndinabadwa nazo. Ndinaganiza kuti mzukwa sudya mabatire: ndikawachotsa kakaimbabe, ndiye kuti anthu akunena zoona. Tsiku lina a Phiri ali kumunda ndinalowa m'nyumba, ndinachotsa mabatire onse, ndinadina batani lija nditatsinzina. Zii. Mtima unakhala pansi. Ndinasewera nawo pang'ono, ndinawabwezera bwinobwino, ndinadinanso. Zii.

Sindinkadziwa kuti nyimboyo anailowetsa ndi anaBanda eniake, liwu limodzilimodzi, ali gone pamphasa, ndipo kabokosiko kankaiwala nyimbo mabatire akakhalitsa kunja. N'chifukwa chake a Phiri posintha ankafulumira ngati akugwira khala la moto.

Madzulo ake ndinali kuseri kwa nkhokwe kuja. Anadina, anadinanso, anakagwedeza, anakaika kukhutu. Sanakalipe. Zimenezo zinandiopsa kuposa chikoti cha abambo. Kenaka, osacheuka, anati, "Iwe Yosefe, tuluka uko. Mapazi ako ndawaona m'nyumba."

Ndinatuluka kabudula atanyowa, sindikubisirani. Anandiuza kuti mutu wawo susunga nyimbo, ankangoizindikira ikamalira, koma ine ndakhala ndikuiba ndi makutu miyezi yonseyi, tsono ndibweze. "Imba. Pang'onopang'ono."

Ndinaimba, iwo akufufuza ndi chala chimodzi pa timakiyi toyerato mpaka liwu lililonse litapezeka. Koma pakati panali malo pamene nyimboyo inkakhota, ndipo mantha anandifufutira pomwepo. Anandiyang'ana, chala chili m'malere. Ine n'kupeka. Ndinasomekapo kachidutswa ka nyimbo yathu ya kubusa, yonyoza mnyamata wa mimba yaikulu. Anadina batani, anamvera yonse maso ali pansi, ndipo anandifunsa ngati ndi yomweyo. Ndinati eya.

Anaimvera choncho tsiku ndi tsiku mpaka pamene tinawanyamula kupita kumanda. Kaya anadziwa, sananenepo kanthu.

Lero mano anatha, adzukulu anga ku Katete amapanga nyimbo pa timabokosi towala, ndipo akandiitana kuti ndidineko ndimabisa manja kumbuyo. Abusa akamalalikira za chiweruzo, ine sindiganiza za nkhuku zimene ndinaba, zimenezo tidzakambirana. Ndimaona anaBanda ataima pachipata cha kumwamba, manja ali m'chiuno, akundiuza kuti ndiyambe kuimba kuchokera pachiyambi.