Inki ya Padzanja la Achemwali

Ndikukumbukira m'mawa wa chiperoni umene galimoto yoyera inaima pasukulu yathu ya paesiteti. Nkhungu inali itaphimba tiyi yense. Munatsika namwino wachizungu ndi mthandizi wake, atanyamula kabotolo ka inki.

Anatindandalika, natiuza kuti tivule malaya, tiwerame mpaka kugwira zala zakumapazi. Namwinoyo ankayendetsa chala chozizira pamsana wa aliyense. Ine anandidutsa. Atafika pa achemwali anga a Dorika anaima nthawi yaitali, chifukwa nthiti zakumanja zinali zitatukuka kuposa zinzake. Kunyumba tinkangoti ndi dengu la tiyi limene ankasenza pothandiza amayi. Mthandizi uja anawalemba mtanda padzanja, nati olembedwa adzatengedwa kupita kuchipatala ku Bulantaya.

Dzuwa lisanalowe mphekesera inali itazungulira m'malaini monse a nyumba za antchito: olembedwa akukapopedwa magazi. Mwana wa kapitawo, Yohane, nayenso anali ndi mtanda, ndipo kwawo kunkamveka kulira ngati pamaliro.

Amayi anatenga phulusa, ndimu ndi mwala wotsukira mapazi. Anakhula dzanja lija mpaka khungu linasupuka. Achemwali sanalire, ankangoluma nsalu.

“Amayi, nanga ngati anamwino aja aona zoona pamsanapa?” achemwali anafunsa motsitsa mawu.

“Khala chete iwe. Mwana wanga sakwera galimoto ya anthu amenewo ine ndili moyo.”

Kutacha amayi anawaperekeza achemwali kwa amalume ku Changata kuti akabisale. Kunena zoona, ine ndinanyadira. Ndinkaona kuti amayi athu ndi ochenjera kuposa amayi ake a Yohane, amene anangoimirira pamsewu galimoto ikupita ndi mwana wawo.

Yohane anabwerako nthawi ya mvula, atavala chikhakha chowongola msana kuyambira m'khwapa mpaka m'chiuno. Tinamuseka kuti ndi kamba. Koma magazi ake anali nawo onse, ndipo atakula ankapalasa njinga mpaka ku Limbe. Achemwali msana unapitirira kupindika chaka ndi chaka. Dengu linawakanika, kenako chitunda chopita kutchalitchi, kenako mpweya weniweniwo. Anatisiya asanakwatiwe.

Kwa zaka zambiri ndinkawakwiyira amayi. Lero ndakalamba, ndili ndi ana anga, ndipo ndikudziwa kuti mantha ndi chikondi zimagona pamphasa imodzi, ndipo kholo silidziwa msanga chimene chalidzutsa. Posambitsa maliro a achemwali tsiku lija, amayi anagwira dzanja lija, nasisita chipsera.

“Ndinatsuka inki,” anatero, “msana ndinausiya.”