Mutu wa Galu wa Bambo

Ntchito yanga ndi yofufuza mavairasi, makamaka kachilombo ka chiwewe. Kwathu ku Ntchisi amanditchula adokotala, koma sindinabayepo munthu jakisoni. Zaka zonsezi ndakhala m'labotale mumzinda, ine ndi mafiriji, kutsegula mitu ya agalu n'kumayeza bongo wake. Ndani angakuitane kuphwando atamva zimenezo?

Mayi atamwalira, bambo anatsala okha m'nyumba yathu ya m'munsi mwa phiri. Anali mphunzitsi wopuma, mkulu wa mpingo, munthu wosachulutsa mawu. Mnzawo anali galu wofiira amene anamutola pamsewu ali kamwana. Ankawaperekeza kutchalitchi n'kugona panja mpaka mapemphero atatha. Ine ndinkabwera kawiri pachaka, galuyo analipo tsiku lililonse. Nsanje ndinali nayo, ndisaname.

Chaka china, mvula ili pakati, ndinapita kukawaona. Kutatsala tsiku limodzi kuti ndibwerere, galuyo analuma mayi wina, tenanti wa pa esiteti ya fodya, amene anabwera kudzapempha nkhwani. Ndinamutsuka bala ndi sopo, ndi kumutengera kuchipatala paboma kukayamba katemera.

Lamulo ndinkalidziwa, ndine amene ndinkaphunzitsa ena. Galu woluma munthu umamumanga masiku khumi n'kumamuona. Akakhalabe bwinobwino, mtima pansi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ine kudekhako ndinalibe. Tchuthi chinali chikutha. Ndinali nditaonapo anthu akufa ndi chiwewe, ndipo imfa imeneyo siichoka m'maso. Chinanso, chimene sindinauzepo munthu: pa kafukufuku wanga ndinalibe mutu ngakhale umodzi wochokera kumapiri kwathu.

"Bambo, galuyu aphedwe, ndikayeze mutu wake."

"Mwana wanga, taona, akumwa madzi. Wachiwewe amamwa madzi?"

"Oopa madzi ndi anthu, bambo. Agalu amamwa."

"Mayiyo anamuponda mchira. Ndinaona ndi maso angawa."

"Inu munaphunzitsa masamu. Izi ndinaphunzira ndine."

Bambo anadzuka pamene anakhala. Kenako anati, "Chabwino, adokotala," n'kulowa m'nyumba, chitseko n'kutseka.

Galuyo sanavute. Nditamuitana anabwera akugwedeza mchira, chifukwa ankandiyesa wapakhomo. Mutu ndinauika m'bokosi lozizira limene ndinkayenda nalo m'galimoto. Matope a msewu wa ku Dowa anandigwira kawiri, ndipo ulendo wonsewo wolankhula naye ndinalibe.

Ndinayeza katatu. Munalibe kanthu. Manyazi amandigwira mpaka lero ndikakumbukira kuti poyeza kachitatuko ndinkapemphera kuti kachilomboko kapezeke. Anzanga a m'labotale anangoti, "Nkhani yabwino, mayi uja wapulumuka," n'kupita kukamwa tiyi. Ndinatsala ndekha ndi pepala la zotsatira.

Ndinadikira masiku awiri ndisanaimbe foni.

"Munalibe chiwewe, bambo."

"Ndinkadziwa."

Sanandikalipire. Bwenzi zitandipepukira akanakalipa. Ndinkangomva mvula ikugunda malata kumbali kwawoko.

"Thupi ndinalikwirira pansi pa mpapaya," anatero. "Koma sindinatsendere dothi. Ukamabwera ubweretse mutuwo, ndimuike wathunthu."

Mitu yonse tikatha kuyeza timaiwotcha tsiku lomwelo. Wa galu wa bambo ndinauponya m'ng'anjo ndekha, ndi manja anga. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene zoona, koma chimene chinatuluka n'chakuti, "Ndibweretsa, bambo."

Bambo sanawetenso galu. Ndinawapezera kamwana ka galu kokongola, kobayidwa katemera kale, iwo n'kukapereka kwa abusa. Kutchalitchi ankapita okha, ndi ndodo. Za mutuwo sanafunsenso, ngakhale kamodzi, ndipo ine ndinkadzinamiza kuti aiwala. Koma zaka zimene anakhalabe ndi moyo, nthawi iliyonse ndikatsika galimoto pakhomo, ankayamba ayang'ana m'manja mwanga, kenako n'kundipatsa moni.