Magalasi a a Fernando

Ndikakumbukila a Fernando, amene tinayandikana nawo nyumba ku Msanzala, mphuno zanga zimamvanso guluu womatila machubu a njinga. Ankakhala pansi pa mtengo wa mango, beseni la madzi pakati pa miyendo, akumiza chubu kufunafuna potuluka thovu, magalasi awo omangidwa ndi waya atatsetseleka mpaka kunsonga kwa mphuno. Anabwela kuchokela ku Mozambique nthawi ya nkhondo, osabwelelanso.

Ife ana a giledi folo tinkadziwa ndithu kuti chizungu chimakhala m'magalasi. Nanga aheadi sankavala? A dokotala ku Petauke nawonso! Ndiye atandisankha kuti ndikalonjele alendo ochokela ku boma m'chizungu, pamaso pa sukulu yonse, ndinaona kuti ndiyenela kupeza magalasi. Ndinkaopa kusekedwa kuposa chikwapu.

Ndinapita kukabweleka magalasi. A Fernando sanaseke olo pang'ono. Anati andibweleka, koma magalasiwo ndi amanyazi, ayambe azolowela mawu anga. Choncho masana alionse ndikaweluka ndinkaimilila pafupi ndi beseni lija, kunena malonje anga kakhumi, iwo akupala chubu n'kumagwedeza mutu. Nthawi zina ankakwinya nkhope n'kunena kuti pamenepo sipanamveke, ndibwelezenso. Ndinkapsa mtima, koma ndinkabweleza.

Tsiku litafika ndinawavala. Mayo ine! Dziko lonse linasanduka nkhungu. Alendo, aheadi, ngakhale Tisa, mnzanga wokonda kundigemula, onse anangokhala zithunzithunzi zopanda maso. Ndiope ndani tsono? Mawu anatuluka okha mpaka kumapeto, anthu n'kuomba m'manja. Potsika ndinapunthwa pa sitepe, koma zimenezo n'zazing'ono.

Madzulo ndinathamanga kukabweza magalasi, ndipo ndinapempha a Fernando kuti andiphunzitseko chizungu china. Apo m'pomwe anaseka mpaka kutsokomola.

"Mwana wanga, ine chizungu sindimva olo liwu limodzi," anatelo. "Chinsenga chomwechi ndinachiphunzila ndi pakamwa. Anthu anandiseka mpaka anatopa."

Ndinakwiya sabata yathunthu. Masiku onse aja ankandikonza chiyani?

A Fernando anatisiya kalekale, ndipo ndimawasowa. Lelo ndine mphunzitsi wa chizungu ku Nyimba, ndili ndi magalasi angaanga ochokela kuchipatala. Ana anga a m'kalasi amawayang'ana mwakaduka. Sadziwa kuti ndikaimilila pamaso pa anthu ambili, ndimawavula n'kuika m'thumba.